Khutu la Mvula

Mtsikana wa ku Harare uja anali ndi kafunsidwe kakekake. Mmawa, anthu a kunyumba ya mapampu akasonkhana kuti agawane ntchito, ankadikira onse atsirize kulankhula, kenako n'kutchula dzina limodzi la zinthu za m'kompyuta, n'kufunsa m'Chingerezi kuti, "Alipo amene amagwiritsa ntchito chimenechi? Ngati palibe, ndichichotsa." Akatero ankayang'ana munthu mmodzimmodzi kumaso, mosapupuluma. Jose, wokonza mapaipi, anati zimenezi n'chimodzimodzi kulengeza ukwati m'tchalitchi: amene ali ndi chifukwa anene lero, apo ayi asoke pakamwa mpaka kale. Onse anaseka, kupatula Laiton Nkhoma.

Mtsikanayo dzina lake anali Nokutenda. Anamuitanitsa ndi injiniya wamkulu, Mthandazo Sibanda, kuti adzasinthe kenelo ya kompyuta yoyang'anira mapampu, ndiye kuti mtima wake weniweni, umene mapulogalamu ena onse amadalira. Kenelo yakaleyo anaiyika ndi malemu Raphaeli Mbewe, amene anaphunzitsa Laiton ntchito. Mkati mwake Raphaeli anasokereramo tinthu timene ankatitcha makutu: timalo tomwe pulogalamu ina ikanatha kudzimangirirapo n'kumamva zimene zikuchitika. Mota ikatentha, khutu lina linkamva. Magetsi akazima, lina linkamva. Onse anawapatsa maina a chinenero cha bambo ake: khutu_moto, khutu_mdima, khutu_ludzu, ndi ena otero. Koma kenelo yatsopano inali ndi njira yakeyake yomvera zinthu, ndipo makutu a Raphaeli sakanalowamo popanda kuwasokanso limodzilimodzi. Nokutenda anati khutu lopanda womvera ndi katundu wongolemetsa, lidulidwe.

Analipo khutu limodzi limene Laiton sankafuna kuti litchulidwe. Linali khutu_mvula.

Chaka chimenecho, cha 2009, magetsi ankabwera ngati mlendo wosalonjeza. Akabwera, mapampu ankayamba atumikira mgodi wa malasha wa kuno ku Hwange, ndipo pampu ya ku komboni ya Lwendulu inkadzuka pambuyo, kanthawi kochepa, pa nthawi imene munthu sakanailosera. Mayi amene wapita kumsika kapena kumaliro ankapeza pa mpopi patauma kale. Raphaeli asanadwale anasoka khutu lomva kudzuka kwa pampu imeneyo, ndipo Laiton analemba kapulogalamu komvera khutulo, n'kukabisa pansi pa dzina la makina osindikizira. Pampu ikadzuka, kabokosi kakale ka lamya kamene anakatsekera kuseri kwa kabati kankaimba foni ya mkazi wake, Tecla, kamodzi kokha n'kudula. Tecla akamva ankatuluka n'kuuza mnzake wapafupi kuti, "Mvula yayamba." Mawuwo ankayenda khomo ndi khomo, ndipo madzi pofika m'mipopi ankapeza zidebe zili pamzere.

Lamulo la pa ntchito linali losabisika: kompyuta ya mapampu isalumikizidwe ndi waya uliwonse wopita kunja. Fideli wa ku wekishopu anachotsedwa ntchito pa mlandu wochepa kuposa umenewu, ndipo Laiton anaona ndi maso ake katundu wa Fideli ataunjikidwa pansi pa mtengo wa tsanya, kudikira lole. Nyumba za ku Lwendulu ndi za kampani. Ntchito ikatha, kiyi amabwezedwa. Koma Fideli anali ndi kwawo ku Lupane kumene loleyo inakamutula. Bambo a Laiton anachokera ku Dedza ali mnyamata n'kudzafera kuno, ndipo Laiton sanapondeko ku Dedzako. Chitupa chake chinali ndi chilembo chonena kuti ndi mlendo m'dziko limene anabadwira. Lole ikanabwera pakhomo pake, woyendetsa akanafunsa kuti tikulowera kuti, ndipo iye analibe koloza.

Tsiku lina masana, Nokutenda anakoka mpando n'kukhala pafupi naye. Anali wamfupi, wovala magalasi, ndipo ovolosi imene anamupatsa anaipinda kawiri m'miyendo.

"Baba Nkhoma, maina awa akundivuta. Amati inu ndi amene mumamva chinenero cha malemu Raphaeli. Ludzu ndi chiyani?"

Laiton anamuuza. Khutu limenelo linkamva thanki ikatsala pang'ono kuuma.

"Anali munthu wanthabwala, eti?" anatero Nokutenda akumwetulira. "Kumudzi kwanu ndi kuti, baba?"

Ndi funso limene anthu a ku Mashonaland amafunsa aliyense, monga moni. Laiton ankadziwa zimenezo. Komabe linamulasa ngati minga ya m'nsapato. N'chifukwa chiyani wafunsa lero, makutu ali pakamwa? Kodi akufuna kudziwa ngati ali ndi kothawira?

"Kwathu ndi kuno," anayankha.

"Nanga ili?" Chala chake chinatsika pa galasi la kompyuta n'kuima. "Ndafufuza m'mapulogalamu onse a m'nkhokwe ya kampani. Palibe imene imalitchula."

"Limenelo ndi la mvula," anatero Laiton, mawu ake ali phee. "Kale padenga panali kachitini koyezera mvula. Mphepo inakagwetsa."

"Oho. Kachitini."

Nokutenda anaimirira. Anabweza mpando n'kubwerera pamalo pake. Laiton anatsala akusinkhasinkha kuti "oho" ameneyo anali wa munthu wokhutira kapena wa mlenje amene waona phazi pa dothi.

Madzulo anapeza Tecla akusita yunifolomu yake ya chigwirizano, makala ali m'simbi. Anamufotokozera zonse, motsitsa mawu, poti makoma a ku Lwendulu ndi opyapyala.

"Wamagalasi, wamfupi?" anafunsa Tecla. "Ameneyo ndamuona. Amagona kwa a Elinah, kumtunda kuja. Dzana anabwera ndi chidebe pamzere wathu, akuti kwawoko uthenga umafika madzi atatha."

Laiton anakhala pansi pang'onopang'ono. "Ndiye simunandiuze bwanji, mayi a Sinikiwe?"

"Ndizikuuzani za aliyense wotunga madzi? Anandifunsa kuti, amai, inu mumadziwa bwanji kuti akubwera? Ine ndinati ndimalota."

"Masana?"

"Ndinati ndimalota ndili maso. Anaseka."

"Anaseka bwanji?"

Tecla anaimika simbi. "Bambo a Sinikiwe, kuseka kuli ndi mitundu ingati? Anaseka ndi mano."

"Munthu wochokera ku Harare, wophunzira chotero, alibe wantchito womutungira? Abwere yekha ndi chidebe mpaka pakhomo panga?"

"Nanga asambe magalasiwo?" Tecla anatembenuza bulauzi. Kenako nkhope yake inasintha. "Ngati zavuta, kazuleni. Tinkakhala kale popanda foni imeneyi. Azimayi adzandinena kuti maloto andithawa, koma kunenedwa kuli bwino kusiyana ndi kugona pansi pa tsanya."

M'mawa mwake Laiton anapita ndi mtima wokazula. Anadikira nthawi ya chakudya, onse atatuluka, n'kukhala pa kompyuta. Anali atalemba kale lamulo lomasula kapulogalamu kake, chala chili pamwamba pa batani, pamene anaona galasi la pa tebulo la Nokutenda. Mizere inkatsika yokha, umodzi pambuyo pa unzake. Mtsikanayo anali atatsegula kale njira yatsopano yomvera ija pambali pa yakale, ndipo inkalemba chilichonse: pulogalamu yalowa, pulogalamu yatuluka, amene wailamula ndi uyu. Kumasula kapulogalamuko kukanakhala ngati kusaina dzina lake pagalasi la mlendo. Makutu amene iye ndi Raphaeli anawakonda aja tsopano anali atatembenukira kwa iye. Anafufuta lamulolo chilembo chimodzichimodzi. Kuzula waya wokha nakonso sikukanathandiza, poti kapulogalamuko kakanayamba kudandaula pagalasi lomwelo kuti lamya yasowa.

Nokutenda analowa atanyamula botolo la maheu. Anali asanakhale pansi pamene magetsi a ku mzere wachiwiri anabwera. Nyumba yonse inanjenjemera, mapampu a ku mgodi anayamba kulira, ndipo patapita kanthawi ya ku Lwendulu inadzuka. Kuseri kwa kabati kunamveka kuti tha, kenako tha. Kabokosi kaja Laiton anakatseka pakamwa kalekale, koma kachitsulo ka mkati mwake kankagundabe potsegula ndi potseka lamya.

Nokutenda anapendeketsa mutu. "Mwamva?"

"Makoswe," anatero Laiton.

"Makoswe a kuno ndi osunga nthawi." Anamwa maheu ake, maso ali pagalasi.

Kuyambira pamenepo Laiton anayamba kumuwerenga ngati mmene munthu amawerengera mitambo. Akamuona akulowa mu ofesi ya Sibanda n'kutseka chitseko, ankati akukamunenera. Akatuluka akuseka, ankati apangana. Akatuluka osaseka, ankati nkhani yakula. Sibanda akamupatsa moni wa masiku onse, "Kunjani, mdala," Laiton ankaufunafuna mkati ngati muli fupa. Anazindikiranso chinthu china: Nokutenda ankatchula makutu mosatsata dongosolo la maina awo. Anadula la moto, la mdima, la ludzu, ndi ena ang'onoang'ono, koma la mvula ankalidumpha. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, akulu anatero, koma uyu kalumo kake ankakazunguliza pakhosi osacheka. Ngati akudziwa, akudikira chiyani? Ngati sakudziwa, akulidumphiranji?

Jose anaona kuti mnzake wasiya kudya bwino. "Iwe Mnyasa, wayamba kuonda. Mwana wa sukulu ameneyu wakulodza? Ndikauze Tecla?"

"Samala mapaipi ako, Mpwitikizi iwe. Akudontha ngati pakamwa pako."

"Ine mapaipi anga onse ali poyera," anatero Jose akuseka, n'kumapita. Laiton anamuyang'ana kumsana. Kodi nayenso akudziwa? Mkazi wa Jose anali mmodzi wa oyamba kulandira uthenga wa Tecla.

Analingalira zongoimirira pamsonkhano n'kunena kuti khutu ili ndi langa. Lamulo la Nokutenda ankalidziwa, analinena yekha tsiku loyamba: khutu limene lili ndi womvera silidulidwa mpaka womverayo asamutsidwe bwinobwino. Koma womverayo amalembedwa dzina, ndipo zolembazo amawerenga ndi Sibanda. Mwina msampha wake unali womwewo: kufunsa mwaulemu tsiku ndi tsiku mpaka nyama ituluke yokha kuuna.

Lachisanu linafika, tsiku loyika kenelo yatsopano. Anthu atagawana ntchito, Sibanda ali chiimire pakhomo ndi kapu ya tiyi, Nokutenda anakonza magalasi ake.

"Latsala limodzi," anatero. "Khutu_mvula. Baba Nkhoma akuti linali la kachitini ka padenga. Ine poliwerenga koyamba ndinaganiza zina, chifukwa kwathu mvura ndi madzi. Akumwa omwewa, a mu mpopi."

Laiton mawu amenewo ankawadziwa. Anakulira pakati pa Anambiya, eni dera lino, amene nawonso madzi amawatcha ndi liwu lofanana ndi lomwelo. Analimva pamsika ndi pa mpira kuyambira ali mwana. Koma m'khutu mwake, m'chinenero cha mayi ake, mvula inali yogwa kumwamba basi, ndipo zaka zonsezi ankakhulupirira kuti dzinalo ndi chophimba. Chophimbacho chinkangophimba maso a Achewa okha. Kwa mtsikanayu, Raphaeli anachita ngati walemba pakhomo ndi choko kuti madzi ali muno.

"Ku Hwange mvula ndi madzi zonse n'zosowa," anatero Jose. "Dulani, sisi, tisachedwe."

"Ndifunse kaye," anatero Nokutenda. "Alipo amene amagwiritsa ntchito khutu limeneli?"

Anayang'ana Jose. Anayang'ana anyamata awiri a magetsi. Pofika pa Laiton maso ake sanakhalitse kuposa pa enawo, ndipo chimenecho chinamuopsa kwambiri. Sibanda anapemerera tiyi wake. Laiton anaona zidebe za ku Lwendulu m'maganizo mwake, anaonanso katundu wa Fideli pansi pa tsanya. Anayang'ana pansi, pa nsapato zake zakuda ndi fumbi la malasha, ndipo sanatsegule pakamwa.

"Palibe," anatero Nokutenda. "Ndalichotsa."

Masana amenewo kompyuta inazimitsidwa n'kudzutsidwanso ndi mtima watsopano. Mapampu anayenda bwinobwino. Laiton anabwerera kunyumba wapansi, kudutsa pa njanji, osaima pa magolosale monga ankachitira. Anauza Tecla kuti maloto atha. Tecla anangoti, "Chabwino," n'kupita kukauza mnzake wapafupi kuti kuyambira mawa aliyense azidzionera yekha.

Loweruka dzuwa lili paliwombo, Laiton ali pakhonde akukhoma chidendene cha nsapato, foni ya Tecla inalira m'thumba la epuloni. Inalira kamodzi n'kudula.

Anayang'anizana.

"Ndi Sinikiwe kapena," anatero Laiton. Mwana wawoyo anali ku Francistown ndipo ankakonda kuflasha.

Tecla anaitulutsa n'kumuonetsa. Inali nambala ya kunyumba ya mapampu. Kenako anatenga chidebe n'kutuluka, ndipo Laiton anamumva akuitana kuseri kwa mpanda kuti mvula yayamba. Posakhalitsa mpopi wa panja unatsokomola n'kuyamba kutulutsa madzi ofiirira, kenako oyera.

Laiton sanakondwere. Khutu linadulidwa iye akuona. Kapulogalamu kake sikakanatha kumva kanthu. Ndiye kuti wina anatsegula kabati, anaona kabokosi, anawerenga zimene iye analemba, mpaka nambala ya mkazi wake. Lamulungu m'tchalitchi nyimbo zinkangomudutsa.

Lolemba analawirira. Anatsegula nkhokwe ya mapulogalamu a kampani, ndipo sanavutike kufufuza, poti chinthucho chinali poyera. Inali pulogalamu yatsopano, yaifupi, yomvera kudzuka kwa pampu ya ku Lwendulu kudzera m'njira ya kenelo yatsopano. Pamwamba pake panalembedwa kuti ndi chenjezo la madzi kwa anthu a ku komboni, loimba kunja kokha, losalandira lamya yochokera kunja. Wolemba: Nokutenda. Pansi pake, wovomereza: M. Sibanda. Dzina la Laiton silinalipo paliponse. Anafufuza pamene ankabisa kapulogalamu kake. Panalibe kanthu.

"Mamuka sei, baba." Nokutenda anali ataima kumbuyo kwake, chikwama chili paphewa.

"Ndadzuka, sisi." Analoza pagalasi. "Ichi n'chatsopano."

"N'chatsopano. Ndinawauza a Sibanda kuti kumene ndimagona anthu amavutika, ndipo kuseri kwa kabati kuli kabokosi ka lamya kamene kangokhala. Anafunsa ngati wina angalowere pamenepo, ndinawaonetsa kuti ayi. Anafunsa nambala, ndinati pali mayi wina wa chigwirizano amene anthu amamumvera."

"Sanafunse kuti kabokosiko kanafika bwanji kumeneko?"

"Sanafunse. Ine sindiyankha zimene sindinafunsidwe." Anakhala pampando wake n'kuyatsa galasi. "Khutu lililonse limasonyeza chiwerengero cha amene akulimvera, baba. La mvula linkasonyeza mmodzi kuyambira tsiku limene ndinafika. Ndinkangodikira kuti mwini wake anditsogolere, ndisathyole chinthu chimene anthu akumwera."

Laiton anayang'ana pakhomo. Panalibe munthu. "Nanga chakale chija?"

"Ndachisunga."

"Kuti?"

"Pabwino. Sinditaya chinthu ndisanachimvetse chonse, ndipo muli mawu ena a Chichewa amene sindinawamasulire." Ananena zimenezi akuyang'ana pagalasi, ndipo Laiton sanathe kudziwa ngati pakona pa mlomo wake panali kumwetulira kapena ayi. Mawu a Chichewawo anali a Laiton mwini, kalembedwe kake, ndipo aliyense wa pa ntchitopo akanawazindikira.

Anthu anayamba kulowa. Jose anafika akuimba mluzu, Sibanda anabwera ndi kapu yake n'kuti, "Kunjani, mdala," monga masiku onse. Atagawana ntchito n'kumabalalika, Nokutenda anatsalira, n'kutembenuza mpando wake kuti ayang'anizane ndi Laiton.

"Pali chinthu chimodzi. Kumtunda kwa amai Elinah uthenga umafika mochedwa. Ndikufuna kuwonjezera nambala yachiwiri. Ndikhoza kuilemba pompano, koma mvula ya ku Lwendulu ili ndi mwini wake, ndipo si ine." Anakonza magalasi. "Alipo amene akukana?"

Laiton anamuyang'ana. Nyumba inali ikadali yake. Lole sinali kubwera sabata imeneyo. Koma kiyi wa nyumbayo tsopano anali ngati ali ndi mnzake m'chikwama cha mtsikanayu, ndipo sanadziwe ngati pempholi linali mtengo wake wonse kapena chiyambi chabe. Mwina anali munthu wofuna kusamba basi. Anaganiza kuti adzamuweruza akadzaona mmene adzachokere m'tauni muno, ndi chimene adzasiye.

"Ndikafunse kaye kunyumba," anatero.

"Funsani, baba. Ine sindithamanga."

Anatembenukira kugalasi lake. Kuseri kwa kabati kunali zii, ndipo Laiton anadzipeza akutchera khutu komweko.